Mlendo, "Guest" ndi "Customer": Mau a Chingerezi Otchulira Munthu Wobwera

M'Chicheŵa liu lakuti mlendo limasenza katundu wambiri. Munthu wosadziŵika amene wasokera pamudzi ndi mlendo. Mlamu amene tamphera nkhuku ndi mlendo. Wapaulendo wopempha pogona ndi mlendonso. Chingerezi chimagaŵa anthu otereŵa pa mau atatu, "stranger", "visitor" ndi "guest". Ophunzira athu ambiri amayesa kuti mauŵa ndi amodzi, motero amalemba kuti kunyumba kwafika "strangers" pamene akunena za azakhali awo. Mngerezi akaŵerenga zimenezi amaganiza kuti m'nyumbamo mwaloŵa anthu osadziŵika. Pepala lino likufuna kusonyeza kuti mau ameneŵa, pamodzi ndi "customer", "client" ndi "patron", amatchula makamaka chimene chili pakati pa wobwera ndi womlandira, ndiko kuti ndani ali ndi udindo pa mnzake.

"Stranger" ndi munthu amene sitimdziŵa, ndipo palibe chimene tamlonjeza. "Visitor" ndi aliyense wodzaona munthu kapena malo, kaya woitanidwa kaya wosaitanidwa, monga wozonda matenda kuchipatala kapena wokaona nyama ku Liwonde. Koma "guest" sangakhalepo popanda "host", womsunga, amene wavomera kumdyetsa kapena kumpatsa pogona.

Mbiri ya mau aŵiri omalizaŵa ndi yodabwitsa, pakuti tsinde lake ndi limodzi. "Guest" ndi mbale wa "gestr" wa chilankhulo chakale cha anthu a ku Scandinavia, ndiponso wa "hostis" wa Chilatini. Poyamba "hostis" anali munthu wa mtundu wina. Pambuyo pake liulo linatanthauza mdani, ndipo m'menemo ndimo mudachokera "hostile". Patsinde lomwelo panaphuka "hospes", liu limene Aroma ankatchulira mlendo ndi womlandira yemwe, ndipo linabala "host", "hospital", "hostel" ndi "hotel". Émile Benveniste, m'buku lake la 1969 lonena za mau a chikhalidwe m'zilankhulo za banja la Indo-European, anafotokoza kuti "hostis" woyambayo anali mlendo wobwezerana naye mphatso ndi chitetezo. Roma atasanduka boma lokhala ndi malire, ubale wotere pakati pa mabanja unafota, ndipo wakunja anatsala mdani chabe. Mpaka lero Chifalansa chili ndi liu limodzi, "hôte", la mlendo ndi mwini nyumba.

Ndalama zikaloŵapo, mau amasintha. "Customer" anachokera ku "custom", chizoloŵezi. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1300 liuli linkatchula wokhometsa msonkho padoko, ndipo kenaka linayamba kutchula munthu wozoloŵera kugula pamalo amodzi. Chingerezi cha masiku ano chinataya chizoloŵezicho: wogula machesi kamodzi kokha ndi "customer". Ife titabwereka liuli tinasunga tanthauzo lakale. Mayi wa pamsika akati uyu ndi kasitomala wanga, akunena munthu wobwerabwera, woyenera kumuonjezera tomato mmodzi pamulu kapena kumkongoza mpaka mwezi uthe. Wogulayo nayenso amatha kutchula mayiyo kuti kasitomala wake, chinthu chimene Mngerezi sangachimvetse, koma chofanana ndithu ndi "hospes" wa Aroma uja.

"Client" ali ndi chiyambi chonyozeka. Ku Roma "cliens" anali mfulu wosauka wodalira munthu wamphamvu, "patronus". Ankalaŵirira m'maŵa kukamlonjera kunyumba kwake, ndipo mkuluyo ankamuimira pamlandu. Nchifukwa chake loya ali ndi "clients", pakuti chimene amagulitsa ndi nzeru ndi chitetezo, osati katundu wa pasitolo. "Patron" nayenso anatsika pampando wake: lero wodya m'lesitilanti, ndipo ku America wobwereka mabuku kulaibulale, amatchedwa "patron", ngati kuti ndiye mtetezi wa malowo.

Poti mau aŵa amanena za udindo, kuwasintha si nkhani ya ulemu wokha. Carl Rogers, katswiri wa za maganizo wa ku America, anasankha "client" m'malo mwa "patient", ndipo analiika pamutu wa buku lake la 1951. "Patient" amachokera ku liu la Chilatini lotanthauza wopirira zoŵaŵa, ndipo Rogers sanafune kuti wodzafuna uphungu akhale wongodikira kuchitiridwa zinthu. Apa kusinthako kunampatsa munthu mphamvu. Kwina sikunatero. Kampani ya Disney, imene inatsegula Disneyland mu 1955, imatchula oloŵa m'malo ake kuti "guests", ngakhale kuti pachipata amalipira. Eni mahotela anayamba kale kutero, ndipo iwo tingawakhululukire popeza amaperekadi pogona. Koma mlendo wogula tikiti, m'kuona kwanga, ndi wogula basi. Ku Britain, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, British Rail inayamba kutchula okwera sitima kuti "customers" m'malo mwa "passengers", ndipo anthu ambiri anadandaula. Sanadandaule pachabe. "Passenger" ndi munthu woyenera kufikitsidwa kumene akupita, pamene "customer" amakhalabe "customer" ngakhale sitima itamsiya pasiteshoni, tikiti ili m'manja.