Kasungidwe ka Gitala ya Magetsi ya Mtengo Wapatali

Gitala ya magetsi imaoneka yolimba chifukwa thunthu lake ndi thabwa lochindikala, koma chida chimenechi sichipuma. Nsambo zake zisanu ndi imodzi zikakungidwa zimakoka khosi ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 45, usana ndi usiku, kaya ikuimbidwa kaya yagonekedwa. Mtengo umene ukupirira kukokedwako umamwanso chinyezi ndi kuchitulutsa malinga ndi nyengo. N'chifukwa chake magitala ambiri saonongeka m'manja mwa woimba ayi, amaonongekera pamene asiyidwa.

Chitsanzo chabwino ndi Gibson Les Paul Standard yopangidwa ku Kalamazoo, m'dziko la America, pakati pa 1958 ndi 1960. Magitala a mtundu umenewu anapangidwa pafupifupi 1,700 okha. Mu Januwale 2024, ya mu 1959 imene inali ya Mark Knopfler wa gulu la Dire Straits inagulidwa pa mtengo wa £693,000 pa malonda a Christie's ku London. Dzina la mwini wake linakweza mtengowo, komabe wogula gitala yakale amafunsa kaye funso limodzi: kodi zonse zili monga zinachokera kufakitale? Amayang'ana penti, zokungira nsambo, ngakhale malo amene mawaya anawotchereredwa. Gitala yakale yopakidwanso penti imatsika mtengo mwina ndi theka, ngakhale pentiyo akongole chotani.

Choyamba kusamala ndi chinyezi cha mumpweya. Opanga magitala amalangiza kuti chizikhala pakati pa 45 ndi 55 peresenti. Zimene zimachitikira gitala n'zomwe zimachitikira chitseko cha thabwa, chothina m'dzinja n'kudzakhwepa m'chilimwe. Mpweya ukauma kwambiri, thabwa la pakhosi pamene zala zimadina limafota, koma tizitsulo todutsa pamenepo sitifota, choncho nsonga zake zimatuluka m'mbali n'kumakanda dzanja. Chinyezi chikachuluka, khosi limatha kupindika, nsambo ndi zomangira zimachita dzimbiri, ndipo nsalu ya m'bokosi imagwidwa chuku. Kumene mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, kenako n'kubwera ng'amba ya Okutobala, gitala imakumana ndi mavuto onse awiriwa m'chaka chimodzi. Ku maiko ozizira monga Britain, zotenthetsera m'nyumba ndizo zimaumitsa mpweya.

Mankhwala ake si okwera mtengo. Bokosi lolimba la gitalayo limachedwetsa kusintha kwa nyengo, ndipo kachipangizo koyezera chinyezi kotchedwa hygrometer kakaikidwa m'katimo kamasonyeza mmene zinthu zilili. M'nyengo ya mvula amaikamo timapaketi ta silica gel, mu ng'amba amaikamo chonyowetsa mpweya chopangidwira magitala, osalola kuti madzi akhudze thabwa. Bokosilo liimikidwe m'chipinda cha m'kati mwa nyumba, losakhudza simenti kapena khoma la kunja, ndipo pamwamba pake pasasanjikidwe katundu.

Kutentha kumaononga msanga kuposa chinyezi. M'galimoto yotsekedwa padzuwa, kapena kudenga pafupi ndi malata, guluu wogwira khosi amafewa. Kusintha kwadzidzidzi nakonso n'koopsa: thabwa ndi penti sizifutukuka pa liwiro limodzi, ndiye gitala yozizira ikatsegulidwa m'chipinda chofunda, penti amang'aluka timizere tambirimbiri. Gitala yochokera paulendo isiyidwe m'bokosi lotseka kwa maola angapo. Dzuwa nalo limadya mtundu. Utoto wofiira wa ma Les Paul a 1958 ndi 1959 unkafwifwa ndi kuwala, moti ambiri lero ndi achikasu chabe.

Penti wa magitala akale a Gibson ndi Fender ndi wa mtundu wa nitrocellulose. Fender inayamba kumusiya cha m'ma 1968, koma Gibson imamugwiritsabe ntchito pa magitala ake a ku America. Pentiyu ndi wopyapyala, amakalamba mokongola, koma sagwirizana ndi labala ndi pulasitiki wina wofewa. Choimikira gitala chokutidwa ndi labala chimatha kusiya chipsera chomata pakhosi, ndipo lamba wa pulasitiki woiwalika m'bokosi amachita chimodzimodzi. Kansalu ka thonje kokulunga pamalo okhudzanawo kamathetsa vutoli. Pefyumu, mowa ndi mankhwala odzola othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET zimasungunula pentiyu, ndipo oimba usiku pabwalo ayenera kuchikumbukira chimenechi. Popukuta, nsalu yofewa youma ndi yokwanira. Polishi wa mipando, makamaka wokhala ndi silicone, amalowa m'ming'alu n'kuvutitsa mmisiri wodzakonza m'tsogolo.

Ngozi yomvetsa chisoni kwambiri pa Les Paul ndi kuthyoka kwa mutu. Mutuwo unapendekera kumbuyo ndi madigiri 17, ndipo khosi ndi la mtengo wa mahogany umene pamalo opindikawo ndi woonda, pomweponso pali mphako ya ndodo yachitsulo ya m'kati mwa khosi. Gitala yotsamiritsidwa pa sipika kapena pa mpando ikagwa chagada, nsambo zimamaliza zimene kugwako kwayamba. Ngakhale Greeny, Les Paul ya mu 1959 imene inali ya Peter Green, kenako Gary Moore, ndipo tsopano ili ndi Kirk Hammett wa Metallica, inathyokapo khosi n'kulumikizidwa. Mmisiri waluso amalumikiza bwinobwino, koma mtengo wa gitalayo subwereranso pakale. Gitala imathanso kugwa lamba akavuka poimba, ndipo zotsekera lamba kuti asavuke n'zotchipa zedi poyerekeza ndi chimene zimateteza.

Ambiri amaganiza kuti gitala yosungidwa nthawi yaitali iyenera kumasulidwa nsambo zonse. Si choncho. M'kati mwa khosi muli ndodo yachitsulo yotchedwa truss rod, imene Thaddeus McHugh wa ku Gibson anailembetsa mu 1921, ndipo ntchito yake ndi kulimbana ndi kukoka kwa nsambo. Nsambo zikachotsedwa kwa miyezi, ndodoyo imakoka yokha ndipo khosi limatha kupindikira kumbuyo. Kukhwefula pang'ono chabe n'kokwanira. Ndodoyo ikafuna kusinthidwa, imapotokoledwa pang'onopang'ono, ndipo ikakana sikakamizidwa, chifukwa kuithyola ndi kuononga khosi lonse. Thukuta lili ndi mchere, choncho nsambo zipukutidwe woimba akangomaliza. Thabwa la pakhosi la rosewood kapena ebony limafuna timadontho ta mafuta ake kamodzi pachaka. La maple lopakidwa vanishi silifuna.

Zotola mawu, zotchedwa pickup, ndi maginito okulungidwa ndi waya woonda kwambiri maulendo zikwizikwi, ndipo wayayo akaduka m'kati mawu amatheratu. Maginitowo amakoka tizidutswa ta chitsulo, choncho sitiliwulo isayandikire popanda kuphimba. Gitala yogwiritsa ntchito batire la mavoti 9 ichotsedwe batirelo isanasungidwe, kuopa kuti lingadonthe. Magitala ena akale ali ndi zokongoletsa za celluloid, pulasitiki amene akayamba kuwola amatulutsa mpweya wa asidi wodya zitsulo, makamaka m'bokosi lotsekedwa zaka. Kutsegula bokosi mwezi ndi mwezi, kuimbako pang'ono ndi kupotokola zokwezera mawu kumaulula mavuto otere adakali aang'ono.

Kachitsulo kalikonse kochotsedwa pokonza, ngakhale kakufa, kasungidwe m'kathumba kolembedwa. Mwini gitala asungenso lisiti, nambala yake ya kufakitale ndi zithunzi za mbali zonse, pakuti a inshulansi ndi apolisi amafuna zimenezi ikabedwa. Woitulutsa kunja kwa dziko adziwe kuti magitala ambiri a m'ma 1950 ali ndi rosewood wa ku Brazil, mtengo umene pangano la CITES linauika pa mndandanda wotetezedwa kwambiri mu 1992. Popanda chilolezo, gitala yotere ikhoza kulandidwa pa chipata.