KALULU WOWETA AKAKANA UDZU

M'dziko la Mfumu Zingalume, m'boma la Chadiza kum'mawa kwa Zambia, mwezi wa October ukafika thengo limakhala litapsa, ndipo mwana amene ali ndi akalulu m'khola amayenda mtunda wautali asanapeze msipu wauwisi. Pamenepo coyandikira ndico gaga wa kucigayo. Woweta wa m'komboni ku Kitwe kapena ku Lusaka acita cimodzimodzi caka conse, pakuti iye udzu alibe pomweta, koma gaga ndi timibulu ta cakudya ca ziweto agula pafupi. Tsiku lina aponyera kalulu udzu wouma, kalulu anunkhiza, natembenuka. Mwini aseka nati, "Kacenjera, kadziwa zokoma." Kawirikawiri nkhani sikhala ya kucenjera ai, koma ya mano.

Kalulu wa m'khola si mwana wa Kalulu wa m'nthano uja; makolo ace anacokera ku Spain ndi Portugal. Koma pa mano awiriwa afanana. Kalulu ali ndi mano 28. Akutsogolo ndi 6: pansi awiri, pamwamba anai, awiri mwa iwo ang'onoang'ono obisala kumbuyo kwa akulu aja. Otsala 22 ali m'kati mwa masaya, kumene munthu sangawaone ndi maso okha. Mano onsewa saleka kukula kufikira kalulu atafa. Akutsogolo atalika mamilimita ngati 2 pa mlungu, ndiye kuti masentimita 10 pa caka, kuposa cala ca munthu wamkulu.

Nanga ciwaletsa nciani kutulukira kunja kwa kamwa? Ndi nchito. Potafuna udzu kalulu ayendetsa nsagwada cam'mbali, mano apansi napereseka pa apamwamba monga mwanamphero pa mphero, ndipo udzuwo, pokhala wokakala, uwadya pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Gaga safuna kupera kotero. Kalulu amphwanya kangapo, ameza, akhuta msanga, mano nakhala osagwira nchito koma akukulabe. Popita miyezi mano a m'kati amera nsonga zakuthwa. Nsonga za mano apansi zilasa lilime, za apamwamba ziceka tsaya. Tsono kutafuna udzu kusanduka ululu, ndipo kalulu asankha zofewa zokhazokha, zomwe zija zinayambitsa bvuto. Mwini pomvera cisoni aonjeza gaga, osadziwa kuti akukolezera moto.

Si kalulu aliyense wokana udzu amene ali ndi mano odwala. Udzu umene unaumira ciriri m'thengo ndi wofolerera nyumba, mulibe cakudya. Wonyowa ndi wocita nkhungu kalulu acita bwino kuukana, cifukwa ungamuphe. Udzu wabwino ufutsidwa monga amai afutsira ndiwo: kuumweta ukali wobiriwira, usanakhwime, kuuyanika mpaka uume bwino, ndi kuusunga pamwamba posafika madzi. Anthu a kwa Zingalume ali ndi mwai wina, pakuti alima nsawa. Masamba ndi mapesi a nsawa, akaumitsidwa bwino pokolola, akalulu awakonda. Kalulu wozolowera gaga nayenso akana udzu masiku oyamba. Mankhwala ace ndi kucepetsa gaga pang'onopang'ono, kufikira udzu ndi masamba zikhale nsima, gaga akhale ndiwo cabe.

Koma kalulu wodwala mano ali ndi zizindikiro zace. Ayandikira cakudya ngati wanjala, atola, nacigwetsanso. Ubweya wa pacibwano ndi pakhosi ukhala wonyowa ndi dovu. Aonda, msana numveka m'manja. Ndowe zace zicepa, timibulu take tikhala tating'ono ndi touma. Nthawi zina diso lituruka misozi kosaleka, cifukwa mizu ya mano apamwamba yakula nkutseka kanjira ka misozi. Woweta apapase pansi pa nsagwada ndi zala: pakakhala cotupa colimba, mwina mafinya asonkhana pa muzu wa dzino. Ndipo kalulu akakhala maora 12 osadya kanthu, zinthu zaipa ndithu, pakuti matumbo ace afuna kuyenda usana ndi usiku, ndipo akaima kuwadzutsa nkobvuta. Wotero ayenera kufika kwa dotolo wa ziweto tsiku lomwelo.

Mano akutsogolo akapindika kapena kutalika, ambiri athamangira sizasi kapena cowengera zikhadabo. Ici ncolakwa cacikulu. Dzino ling'aluka cotsika mpaka ku muzu, matenda nalowera pa mng'aluwo. Dotolo ali ndi zida zopalira mano popanda kuwaswa, ndipo ndiye yekha angathe kuona ndi kusalaza nsonga za m'kati zija, atamgoneka kalulu ndi mankhwala. Ngakhale atatero, mano adzakulanso. Kalulu wotere angafunike kubwererako patapita milungu kapena miyezi, makamaka ngati cakudya cace sicisintha.

Alipo akalulu ena amene abadwa ndi nsagwada zosakumana bwino, mano apansi ali patsogolo pa apamwamba. Awa udzu suwaciritsa, ndipo cilemaco citsata mtundu. Kumudzi, kumene tonde mmodzi abwerekanidwa khola ndi khola, munthu asanalandire kalulu wa mnzace atukule mlomo wace aone ngati mano apamwamba aphimba apansi.