Madzi ogona m'makina a laser

Pa 23 Malichi 2020 boma la Britain litalamula anthu kukhala m'nyumba chifukwa cha Covid-19, malabotale ambiri a m'mayunivesite anatsekedwa mofulumira. Ofufuza anazimitsa magetsi n'kukhoma zitseko. M'zipindazo munatsala makina a laser, ndipo m'mapaipi ake munatsala madzi.

Madziwo ndi amene amasunga moyo wa makinawa. Mu laser ya mtundu wa Nd:YAG, nyali yamphamvu imang'anima pafupi ndi kandodo ka mwala woonekera mkati, ndipo kandodoko kamatulutsa kuwala kwa mananomita 1064 komwe diso siliona. Pa magetsi onse olowamo, gawo laling'ono chabe ndilo limasanduka kuwala. Otsalawo amasanduka kutentha, ndipo madzi akapanda kuyenda, nyali imaphulika kapena kandodoko kamang'ambika. Madzi ake si a pampopi ayi. Amakhala ochotsedwa mchere wonse kuti asadutsitse magetsi, chifukwa amakhudza nyaliyo.

Tsoka limayamba pampu ikaima. Amene anasiyapo madzi mumtsuko kwa mwezi amadziwa kuterera komwe kumamera mkati mwake. M'makina zimatero ndithu: tizilombo timaswana, ndere zimamera paliponse pofika kuwala, ndipo zonandazo zimamatirira pagalasi lozinga nyali n'kutseka sefa. Madzi oyera kwambiri nawo ali ndi njala yawoyawo. Amadya mkuwa pang'onopang'ono mpaka kuyamba kudutsitsa magetsi. Mphira wotseka polumikizira mapaipi amauma, pampu imakakamira. Kumaiko ozizira kuli vuto linanso, poti madzi akaundana amafufuma pafupifupi 9 peresenti. Mu Febuluwale 2021 magetsi atazima ku Texas m'chisanu choopsa, mapaipi anaphulika m'nyumba zambirimbiri, ndipo timapaipi ta laser ndi tosalimba kuposa apo.

Amisiri ali ndi njira ziwiri. Ina ndi yakuti munthu azibwera sabata iliyonse kudzayendetsa pampu kwa kanthawi, kuona mlingo wa madzi m'thanki ndi kusuzumira pansi ngati padontha. Inayo ndi kukhuthula madzi onse, kuuzira mpweya wouma m'mapaipi ndi kutseka kukamwa kwake. Choipa kwambiri ndi kukhuthula mwatheka, chifukwa madontho otsalira akakumana ndi mpweya amafulumizitsa dzimbiri.

Ine ndimaona kuti akuluakulu a malabotale amalakwa akamaiwala mmisiri polemba mndandanda wa anthu ololedwa kulowa nthawi yotseka. Amakumbukira wodyetsa mbewa zofufuzira ndi woyang'anira mafiriji, koma wa madziyu amamusiya kunja. Ntchito yake simatha ola, pomwe zida zolowa m'malo mwa zowonongeka zimadikiriridwa miyezi kuchokera kufakitale. Ndipo tsiku lotsegula, iyeyo ndi amene amagwira dzanja wofufuza wothamangira kuyatsa: choyamba kutsuka mapaipi, kusintha sefa ndi kabotolo kochotsa mchere, kuthira madzi atsopano, kenako kusiya pampu iyende yokha mpaka thovu lonse litatha, nyali isanayake.