Munda wa mbewu imodzi

Kumayambiriro kwa chaka cha 2017 ndinakacheza kwa mkulu wa mpingo wina m'mudzi wa pakati pa Jenda ndi Embangweni, kum'mwera kwa boma la Mzimba. Tisanakhale n'komwe pansi, bamboyo ananditengera kumunda. Chimanga chinali chitafika m'chiuno, chobiriwira bwino ukachionera patali, koma titalowa m'mizere tinapeza masamba ali mabowomabowo ngati wina wachita kuwaboola ndi msomali. Iwo anafunyulula nsonga ya phesi limodzi nandionetsa mbozi itabisala m'kati, pakati pa zitosi zake zonga utuchi. Maekala atatu onse anali chimanga cha mtundu umodzi, chobzalidwa sabata imodzi, ndipo feteleza wake anali wangongole.

"Abusa," anatero, "kodi ndinalakwa pati? Zonse zimene tinauzidwa ndinachita."

Mbozizo zinali ntchemberezandonda zachilendo, zochokera ku America, zimene zinaoneka koyamba mu Africa m'chaka cha 2016. Pofika mu Disembala 2017 zinali zitasakaza minda kotero kuti Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 mwa maboma 28 a dziko lino ali pangozi. Mbozi imeneyi imakonda chimanga kuposa mbewu ina iliyonse, choncho munda wa chimanga chokhachokha, wogundana ndi wina wa chimanga chokhachokha, unali kwa iyo ngati phwando lopanda mlonda.

Banja lija silinagone ndi njala chaka chimenecho, ndipo amene analipulumutsa ndi mayi a m'nyumba. Kuseri kwa khola anali ndi kamunda kamene amuna awo ankakaseka kuti n'kosalongosoka: chimanga cha makolo apa ndi apo, nyemba zikuyanga m'mapesi, maungu akukwawa pansi, kumalire nandolo, kumunsi mizere ya mbatata ndi chinangwa, ndi kachigawo ka mawere, amene anthu a kuno amati lipoko. Mbozi inalowamonso, koma inapeza zambiri zimene siidya.

Awerengi okondedwa, kamunda koteroko ndiko kanali munda wa agogo athu onse. Pang'onopang'ono tinaphunzira kuchita nako manyazi. Tinazolowera kumva kuti mlimi wotsogola ndi amene munda wake uli mizere ya chimanga cha haibridi chokha, ndipo kuti nyumba imene yadya mbatata kapena chinangwa yagona osadya. Makuponi a feteleza atayamba m'chaka cha 2005, ngakhale kuti pambuyo pake anaphatikizamo mbewu za mtundu wa nyemba, maso a ambiri anali pa matumba awiri a feteleza wa chimanga basi. Sindikunyoza chimanga ayi; inenso nsima ya mgaiwa ikasowa pambale ndimaona ngati sindinadye. Ndikungonena kuti tinaika moyo wa banja lonse pa phesi limodzi.

Nthaka nayo imatopa ndi mbewu imodzi. Chimanga chimadya kwambiri chonde, ndipo chikabwerezedwa pamalo amodzi chaka ndi chaka, kaufiti amachuluka, pakuti njere zake zimatha kudikira m'dothi zaka zambiri mpaka zitamva muzu wa chimanga. Mtedza, soya, khobwe ndi nandolo zili ndi timatuza kumizu momwe mumakhala tizilombo tabwino totenga nayitrojeni mumpweya, chinthu chomwecho chimene timagula ndi ndalama zambiri m'thumba la urea. Nandolo amazika mizu pansi kwambiri, choncho salimbirana madzi ndi chimanga, ndipo masamba ake akayoyoka amasanduka manyowa. Ku Ekwendeni, kumpoto kwa boma lomweli, ntchito ya Soils, Food and Healthy Communities inayamba m'chaka cha 2000 ku chipatala cha mishoni chifukwa cha ana operewera zakudya m'thupi amene ankagonekedwa kumeneko. Mankhwala amene anakapereka kumidzi anali mbewu: nandolo, mtedza, soya, ndi kuphunzitsana kubzala mosakaniza. Taonani, chipatala chinakafuna machiritso a mwana m'munda mwa mayi ake.

Amene amayenda pa msewu wochoka ku Mzimba kupita ku Mzuzu aona phunziro lomweli litalembedwa pamapiri. Nkhalango ya Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, inabzalidwa makamaka mitengo ya paini poyembekezera fakitale ya mapepala imene sinamangidwe. Ife amene tinkadutsamo kale timakumbukira mdima wa masana pansi pa mitengoyo. Koma nkhalango ya mtundu umodzi ndi msinkhu umodzi imakhwima pamodzi, imadulidwa pamodzi, ndipo moto ukalowa sipakhala choutchinga. Macheka ndi moto zinasiya mapiri ambiri ali mbee.

Wina wodziwa Baibulo adzandifunsa za Levitiko 19:19, pamene Aisraeli analetsedwa kufesa mbewu za mitundu iwiri m'munda umodzi. Funsolo n'loyenera. Lamulo limenelo lili pamodzi ndi loletsa chovala cha nsalu ziwiri zosiyana, ndipo linali chizindikiro cha kupatulika kwa mtundu umenewo pakati pa mitundu ina. Sindinaonepo Mkhristu akuvula malaya ake chifukwa cha ilo. Za ulimi weniweni tiwerenge Yesaya 28:24-29, pamene mneneri akufotokoza mlimi wofesa mbewu zosiyanasiyana, iliyonse pamalo pake, iliyonse ndi kapunthidwe kake, nanena kuti nzeru imeneyo waphunzitsidwa ndi Mulungu. Mlaliki 11:6 nayenso akulangiza kufesa m'mawa ndi madzulo omwe, popeza munthu sadziwa chimene chidzalola.

Tsono nkhaniyi sithera kumunda, pakuti malo antchito nawo amatha kukhala munda wa mbewu imodzi. Anthu a ku Mzimba sayenera kuuzidwa zimenezi. M'chaka cha 1989 boma la Dr. Kamuzu Banda linalamula kuti aphunzitsi abwerere kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo, ponamizira a kumpoto kuti saphunzitsa bwino ana a zigawo zina. Mabanja anasamuka mwadzidzidzi, ena atakwatira ndi kumanga nyumba kumene anali. Sukulu zambiri za m'chigawo cha pakati ndi cha kum'mwera zinatsala ndi aphunzitsi operewera, ndipo amene analipira mtengo wake anali ana omwe ankati akuwatetezawo.

Bala limenelo timalikumbukira bwino chifukwa linatipweteka ife. Chimene timaiwala msanga n'chakuti nafenso, tikapatsidwa mpando, dzanja lathu limathamangira kwa "wakwithu" monga momwe la ena limathamangira kwa "wakwathu". Pano ndiyenera kuulula tchimo langa. Zaka zapitazo ndinali wapampando wa komiti yoyang'anira malo ena antchito. Tinali anthu asanu ndi awiri, tonse amuna, tonse a dera limodzi, tonse a msinkhu umodzi, ndipo msungichuma anali malume a mlembi. Misonkhano yathu inali yokoma. Tinkagwirizana pa mphindi zochepa n'kuyamba kumwa tiyi. Pamene panafunika kalaliki wowerengera ndalama, panabwera mtsikana wa ku Nsanje wa mapepala abwino kuposa onse. Tinamukana. Tinati sadzazolowera kuzizira kwa kuno, ndiponso sadziwa Chitumbuka, ngati kuti manambala amalembedwa m'Chitumbuka. Tinalemba mwana wa m'bale wathu.

Patapita zaka ziwiri tinapeza kuti ndalama zinkatuluka mwezi ndi mwezi popanda malisiti. Sikuti tonse tinali akuba. Vuto linali lakuti panalibe mmodzi yemwe mwa ife amene akanafunsa funso lovuta popanda kukaliyankha kumaliro kapena ku ukwati wa kumudzi. Tonse tinali ndi khungu pamalo amodzi, ndipo mbozi inalowera pomwepo. Makolo anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Ife kalumoko tinakabweza pakhomo.

Sindikuti kusakaniza n'kosavuta. Kupalira munda wa kasakaniza kumafuna kudekha, chifukwa khasu likathamanga limadula nyemba, ndipo nandolo amachedwa kukhwima mpaka nyengo imene mbuzi ndi ng'ombe zimamasulidwa, choncho pamafunika kugwirizana ndi amfumu ndi eni ziweto. Msonkhano wa anthu osiyana zilankhulo, misinkhu ndi maphunziro nawo umatalika, ndipo tiyi amazizira anthu akutsutsana. Palinso malire ake, pakuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Wa ekala imodzi sangabzale chilichonse chimene wachiona pamsika wa Jenda.

Mkulu wa mpingo uja ndinakumana naye pa Mzimba boma mvula ya chaka chotsatira isanagwe, atanyamula kathumba ka soya ndi kena ka mtedza. Anandiuza kuti ekala imodzi waipereka kwa mayi kuti aiyendetse monga afunira, ndipo ziwirizo azisinthanitsa chimanga ndi mbewu zinazo. Mbewu ya lipoko anali atakapempha kwa apongozi awo ku Edingeni, chifukwa m'mudzi mwawo munatsala nyumba ziwiri zokha zimene zinkaisungabe, ndipo ya mayi aja inali yongokwana kamunda ka kuseri kwa khola.