Kudziwa Mtengo wa Nkhuku Imodzi

Ana inu ndi aphunzitsi, m'caka ca 1975 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti sukulu zonse zizigwira nchito zobweretsa cuma, monga ulimi ndi kuweta. Nanga tingadziwe bwanji ngati khola la sukulu likupindula? Yankho lili m'buku la ndalama.

Tiyerekeze kuti anapiye 100, cakudya cao ndi mankhwala zadya K4,000. Onse akakula, nkhuku imodzi yadya K40. Koma 20 akafa, iliyonse yotsala yadya K50, ndipo woigulitsa pa K45 waluza, ngakhale m'thumba muli ndalama.

Oyang'anira migodi ya ku Copperbelt amawerengera comweco mtengo wokumba tani imodzi ya mkuwa, asanasankhe kukulitsa mgodi kapena kuutseka.