CIPSERA COTUPA: MUSACIDULE KUNYUMBA

Cilonda cikapola cimasiya cipsera. Cipsera wamba sicipitirira malire a bala, ndipo cimafewa ndi kuzilala pang'onopang'ono pa miyezi 12 mpaka 18.

Koma cilipo cina cimene ku cipatala timati keloid. Ici cimatupa, cimalimba, cimayabwa ndipo cimakula kupitirira pamene panali bala. Cimapezeka kwambiri mwa ife a khungu lakuda, makamaka pa khutu, pa cifuwa ndi pa mapewa. Cimayamba munthu akaboola makutu, akatemedwa mphini, akapsa ndi mbaula kapena akakhala ndi ziphuphu.

Keloid si khansa, si ufiti, ndipo sapatsirana. Conde musacidule ndi lezala kapena kucimanga ndi ulusi, cifukwa cimameranso cacikulu kuposa kale. Ngakhale opaleshoni payokha nthawi zambiri siithandiza. Cimene cimacepetsa kutupa ndi kuyabwa ndi jekeseni ya triamcinolone, yobaya m'cipsera momwemo pakapita milungu 4 mpaka 6 iliyonse.

Inu a ku Shimabala, yambirani ku kiliniki yapafupi. Kumeneko angakutumizeni ku cipatala ca Kafue kapena ku UTH ku Lusaka. Makolo, ngati m'banja mwanu muli wina wa keloid, musaboole mwana makutu.