Ceramide: dzina lili pa botolo la mafuta, nkhani ili m'thumba la chimanga

Ngati mumakhalitsa pa TikTok kapena Instagram, mawu akuti ceramide mwakumana nawo kale. Wina wa khungu losalala anyamula botolo la CeraVe, n'kuloza pomwe palembedwa mawuwo, eti chinsinsi chake ndi chimenechi. Anthu akupulumutsa ndalama ya bandulo kuti agule. Koma mutafunsa kuti ceramide ndi chiyani, ambiri angokuyang'anani.

Yankho lake ndi ili: ndi mtundu wa mafuta omwe thupi lanu limapanga lokha tsiku ndi tsiku, osalipira ngakhale tambala. Ali m'banja la mafuta otchedwa sphingolipid. Dzinali linachokera kwa Johann Thudichum, dokotala wa ku Germany yemwe ankagwira ntchito ku London. M'buku lake la 1884 lonena za ubongo, iye anafotokoza chinthu chomwe chinamuzunguza mutu, ndipo anachipatsa dzina potengera Sphinx, chilombo cha m'nthano za Agiriki chomwe chinkafunsa anthu ndagi zovuta.

Pakhungu ntchito ya ceramide ndi yosavuta kuimvetsa. Taganizirani khoma: maselo akunja kwenikweni kwa khungu ndi njerwa, mafuta ali pakati pawo ndi matope omangira. Pafupifupi theka la mafuta amenewo ndi ceramide. Akachepa, madzi amathawa, khungu limauma, kuyabwa ndi kusweka, monga zimakhalira kwa odwala eczema. Choncho otsatsa malonda aja sakunama. Kungoti akukuuzani kachidutswa kokha.

Ceramide ali m'maselo a thupi lonse, m'chiwindi, mu impso, mu ubongo. Thupi limayamba ndi zinthu ziwiri, serine ndi mafuta a palmitate, n'kupanga sphinganine. Kenako enzyme yotchedwa ceramide synthase imalumikiza sphinganine ndi mafuta ena, ndipo pakangotsala sitepe imodzi ceramide amakhala wapsa. Ntchito yake si kumanga kokha. Mu 1993, Lina Obeid ndi Yusuf Hannun a ku Duke University anasonyeza kuti ceramide amatha kulamula selo kuti lidziphe. Zikumveka zoopsa, koma umo ndi momwe thupi limachotsera maselo owonongeka asanasanduke vuto. Ndiye chilichonse chosokoneza kapangidwe ka mafutawa chikusewera ndi moyo ndi imfa ya maselo.

Chosokoneza chimodzi chodziwika bwino sichili kutali. Chimamera pa chakudya chomwe timadya kawiri patsiku.

Mu 1988, gulu la asayansi a Medical Research Council ya ku South Africa, lotsogoleredwa ndi Wally Marasas, linapeza poizoni yemwe linamutcha fumonisin. Ankafufuza chifukwa chomwe khansa ya kummero inali yochuluka m'madera ena a Transkei, komwe anthu ankadalira chimanga cholima okha, ndipo chowola ankafululira mowa. Poizoniyu amapangidwa ndi chuku chotchedwa Fusarium verticillioides. Patatha zaka zitatu, mu 1991, Alfred Merrill wa ku Emory University ndi anzake anatulukira kachitidwe kake. Fumonisin amafanana kwambiri ndi sphinganine, moti enzyme ija imamulandira ngati mwini nyumba. Akalowa amatseka pakhomo. Ceramide sapangidwanso moyenera, sphinganine amaunjikana, maselo n'kuyamba kuvulala.

Ku ziweto zotsatira zake n'zosachita kufunsa. Mahatchi amawonongeka ubongo, nkhumba zimadzaza madzi m'mapapo, makoswe a m'labu amadwala khansa ya chiwindi ndi impso. Kwa anthu, bungwe la IARC, lomwe lili pansi pa WHO, mu 2002 linaika fumonisin B1 m'gulu la zinthu zomwe mwina zingayambitse khansa. Mawu oti "mwina" tisawadumphe. Malawi ali m'gulu la maiko omwe khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo ofufuza akukayikiranso mowa, fodya, utsi wa nkhuni ndi zakumwa zotentha kwambiri. Fumonisin ndi mmodzi mwa oganiziridwa, mlandu sunagamulidwe. Koma kwa anthu odya nsima masana ndi madzulo, woganiziridwa ameneyu si womusiya azingoyendayenda.

Akatswiri a FAO ndi WHO anaika malire akuti munthu asapyole mamaikurogalamu 2 patsiku pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Wolemera makilogalamu 60 ndiye kuti 120 basi, kachinthu kosaoneka ndi maso. Wodya chimanga kamodzikamodzi malirewo sawafika msanga. Ife timadya chambiri, kotero ngakhale poizoni wochepa mu ufa amawonjezekera.

Chuku chimenechi chimayambira kumunda, makamaka pomwe kapuchi ndi mbozi zina zaboola chisononkho. Njere zake zimaoneka zotuwa, zofiirira pang'ono, kapena za timizere toyera. Chovuta n'choti kutentha kwa mphika wa nsima sikumuthetsa poizoniyu. Phala liwire bwanji, iye alipobe.

Nkhani yabwino ndi yakuti mankhwala ake agogo athu anali nawo kale: lichero ndi maso. Kafukufuku wa Limbikani Matumba ndi anzake, wofalitsidwa mu 2015, anayerekeza kusankha ndi manja, kutsuka ndi kukonola chimanga choyera. Kusankha ndi manja ndiko kunachotsa poizoni wambiri kuposa njira zinazo. Kukonola kumathandizanso chifukwa poizoni wambiri amakhala ku gaga. Izi sizikutanthauza kuti mgaiwa ndi woipa ayi, uli ndi zofunika m'thupi zomwe ufa woyera ulibe. Koma wokonda mgaiwa ndiye ayenera kusankha mosamala kwambiri asanapite ku chigayo. Ndipo zosankhidwazo zisabwerere pakhomo lakuseri ngati mowa wamasese kapena chakudya cha nkhumba.

Achinyamata ambiri a m'tauni sitilima. Timagula ndowa pamsika, kupatsa mwana apite nayo ku chigayo, nkhani yatha. Nthawi ya njala, chotchipa chija nthawi zambiri chimakhala chomwe wina anachikana, ndipo wosauka sasankha. Apa ndiye pofunika kuti oyang'anira miyezo ya zakudya aziyeza ufa wa m'misika pafupipafupi, zotsatira n'kumaziulutsa poyera, m'Chichewa.

Mafuta odzola aja gulani ngati thumba likulola, khungu lithokoza. Koma ndowa yotsatira ikafika pakhomo, tayani mphindi makumi awiri, foni pambali, chimanga palichero. Njere yowola iliyonse yomwe mwataya ndi poizoni amene sakafika pa enzyme ija.